Mkamwini Sakhala M'mwamba

Cape Town, 4 Ogasiti 2024

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi atsibweni a Pius ndi onse ku Makhuwira. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira ndipo mvula siikukata. Ndalemba kalata chifukwa ndikudziwa kuti mawu a pafoni inu mumati ndi mphepo. A Paul a thiransipoti akupatsani pamodzi ndi katoni.

Amayi, ndapeza munthu. Dzina lake ndi Duncan, kwawo ndi ku Ngabu, ndipo amakonza mafiriji. Ankhoswe ake ndi a Kaitano, abambo ake aang'ono. Tikufuna chinkhoswe chichitike pa 12 Okutobala. Kubwera sitingathe, za mapepala athu mukuzidziwa, tikatuluka sitidzalowanso. Koma masiku ano limenelo si vuto. Tidzachita layivi pa Fesibuku. Inu mudzakhala kumeneko ndi ankhoswe, foni izidzakujambulani, ife nkhope zathu zizidzaoneka pa foni yomweyo, ndipo abale a ku Blantyre ndi ku Joni azidzaonera nthawi yomweyo.

M'katonimo muli foni yatsopano, pawabanki ndi choimikira cha miyendo itatu. Foni izikhala chogona, osati choimirira. Dzuwa lizikhala kumbuyo kwa foni, likakhala kumbuyo kwa anthu mudzaoneka akuda bii. Galasi la kamera muzilipukuta. Bando ya intaneti mugule ya mwezi wonse, ndipo foni ndi pawabanki zonse zikhale zodzadza. Chachikulu ndi ichi: choimikiracho muchitalikitse mpaka kumapeto kuti foni ikhale m'mwamba, netiweki igwire. Tidzayesa Loweruka pa 31 Ogasiti, 4 koloko madzulo.

Chonde tsiku la 12 Okutobala lisasunthe. A Paul pobwerera muwapatsireko malambe ndi bwemba, ndazilakalaka kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Favour

Makhuwira, 18 Ogasiti 2024

Mwana wanga Favour,

Moni. Tili bwino, kupatula bondo langa lamanzere ndi mbuzi imodzi imene yadya jumbo. Katoni inafika patapita masiku asanu ndi atatu. Kalata yako ndaiwerenga katatu. Ili ndi mizere 31. Mizere 17 ikunena za foni, itatu yokha ndiyo ikunena za munthu amene ukuti akukwatire, yotsalayo ndi moni, mvula ndi bwemba. Ndaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo ndikaona chiwerengero chotere ndimafunsa kuti chinkhoswechi ndi cha Duncan kapena cha foni.

Kabuku ka m'bokosi ndakawerenga konse, masamba 28. Theka lake ndi Chitchaina, ndipo theka linalo likuganiza kuti munthu aliyense ali ndi magetsi kuchipinda. Potchajitsa ndimayenda mapazi 640 kupita ku golosale ya a Filomena, ndi ena 640 pobwerera.

Netiweki ndaiyeza. Ndinatenga kope, ndikuzungulira bwalo lonse m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku asanu. Timizere ta pakona pa foni tikadzadza timakhala tinayi. Pakhonde palibe ndi kamodzi komwe. Pansi pa mtengo wa nimu, pamene pamakhala ankhoswe, zili motere: pamphasa palibe; ndikaimirira, kamodzi; pa choimikira chako chotalikitsidwa mpaka kumapeto, tiwiri. Titatu ndinatipeza nditakwera pa mtondo wozondotsa, mkono uli m'mwamba. Ine, wa zaka 71, pa mtondo. Amayi anayi ochokera ku mjigo anatula zidebe kuti aseke bwino.

China. Foni yakoyi yadandaula kale kawiri kuti yatentha, ndipo inazima yokha. Uno ndi Ogasiti. Kodi Okutobala wa ku Chikwawa wamuiwala? Chinthu chimene chikukomoka panopa, nthawi imeneyo tidzachita kuchipemerera ngati wodwala malungo.

Atsibweni ako ndawauza. Afunsa mafunso awiri: munthuyo ndi mwana wa yani, ndipo akuthamangira chiyani. Loyamba ndayankha. Lachiwiri ndasiya mpata m'kope.

Malambe ndi bwemba ndawapatsa a Paul.

Mayi ako,
Esinala

Cape Town, 1 Sepitembala 2024

Amayi,

Moni ndikupatsani, koma mtima wanga suli bwino. Zimene mwachita dzulo ndi chiyani? Duncan anapempha kuweruka msanga kuntchito kuti adzakuoneni. Atangoti "Moni amayi," inu munakuwa, kenako tinangoona lichero likubwera, basi mdima. Kwa nthawi yaitali tinkangomva nkhuku ndi mawu a atsibweni.

Inali layivi, amayi. Anthu asanu ndi anayi ankaonera, ndipo mmodzi anali Anita, mlongo wake wa Duncan. Pofika usiku Ngabu yense anali atamva kuti mwana wawo avundikiridwa ndi lichero ngati mwanapiye. A Kaitano akuti sangawononge nsapato kupita kumudzi kumene amavundikira anthu.

Ngati simukumufuna nenani. Kodi ndi chifukwa choti ndi Msena? Kapena chifukwa sanafike ku koleji? Ine si mwana wa Sitandade 5 woti muzindichongera ndi cholembera chofiira. Munthu ameneyu ndiye anandisunga nditadwala chaka chatha, inu simunadziwe n'komwe.

Tsiku la 12 Okutobala silingasunthe, amayi. Silingasunthe.

Favour

Makhuwira, 1 Sepitembala 2024

Favour,

Moni. Ndikulemba lero lomwe kuti kalatayi ipeze a Paul asananyamuke ku Blantyre. Kuyesa kwako kunatenga masekondi 40, ndipo m'masekondi amenewo ndawerenga zolakwa zisanu.

Ndinachita zonse monga unalembera. Galasi ndinapukuta, dzuwa linali kumbuyo kwa foni, choimikira ndinachitalikitsa mpaka chinafika pamphumi panga. Atsibweni ako anakhala pa kampando kawo kafupi kaja, ine pamphasa ndikupeta mchewere podikira 4 koloko. Nditadina pamene unanena n'kubwerera kudzakhala, pagalasi panatuluka nkhope yako kumbali, ndipo pakati penipeni nkhope ya mwamuna, yaikulu, ili m'mwamba, ikutiyang'ana pansi.

Choyamba, anali pamwamba akuluakulu ali pansi. Chachiwiri, chipewa kumutu. Chachitatu, amatafuna. Chachinayi, anandiyang'ana m'maso ine, mpongozi wake. Chachisanu, anandilankhula yekha osadzera kwa nkhoswe: "Moni amayi, mukundiona?" Inde ndinamuona. Ndinaona mpaka chimene ankatafunacho.

Iwe unakulira pakhomo pano. Malemu bambo ako anakhala pa chikamwini zaka zisanu ndi chimodzi osadziwa ngati mayi anga anali ndi mano akutsogolo. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'mapira mpaka wina adutse. Sikunali kudana. Mayi anga ankawasungira bambo ako chiwindi cha mbuzi, koma ankachita kutuma munthu. Tsono ine mkamwini wanditulukira pamaso tsiku loyamba, ndikanatani? M'manja munali lichero. Ndinamubisira manyazi amene iye mwini analibe.

Atsibweni ako anaimirira n'kusasa fumbi kuthalauza. Mawu awo ndi awa, ndawalemba m'kope: "Mkamwini wotera m'mwamba ngati khwangwala ine sindimulandira. Afike ngati munthu, akhale pamphasa kumunsi kwa mawondo anga. Apo ayi, chinkhoswe palibe." Ndinawauza kuti pamphasa palibe netiweki. Anati, "Ndiye kuti netiwekiyo nayonso sinalangidwe."

Samu yake ndi imeneyo. M'mwamba muli netiweki koma mulibe ulemu. Pansi pali ulemu koma palibe netiweki. Inu ophunzira za layivi ipezereni yankho.

Mayi ako,
Esinala

Cape Town, 14 Sepitembala 2024

Kwa a Pius, atsibweni a Favour,

Ndagwada pokupatsani moni, bambo. Ndine Duncan, mwana wa ku Ngabu uja munamuona pa foni. Ndalembera inu chifukwa kwa amayi sindingalembe. Favour wandiwerengera kalata yawo ya pa 1 Sepitembala, ndipo kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikulowa.

Zolakwa zisanu zija ndikuzivomera, koma pa choyamba ndipempheko kufotokoza. Ine sindinaimirire, bambo. Ndinakhala pa bedi. Chimene chinaimirira ndi choimikira. Chipewa ndi cha kuntchito, ndinaiwala kuvula pothamanga. Chimene ndinkatafuna ndi buledi, ndinali ndisanadye chichokereni m'mawa. Za kuyang'ana amayi m'maso ndilibe chonena. Kwathu ku Ngabu mwambo umenewu uliponso, ndipo agogo anga akanakhala moyo akanandikwapula ndi mthiko. Zaka zisanu ndi zitatu kuno munthu umazolowera kulankhula ndi galasi, umaiwala kuti kuseri kwake kuli anthu.

Pa tsikulo ndidzagwada kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma foni yanuyo ikapanda kukhala m'mwamba, simudzaona ngakhale kugwadako. Apa nzeru zandithera. Firiji ndimatha kuikonza, koma izi ayi.

A Kaitano ndawaimbira katatu. Akuti akudikira mawu ochokera kwa inu, osati kwa ine. Chonde tsiku lisasunthe. Pali chifukwa chimene sindingathe kulemba papepala.

Takhuta, bambo, monga timathokozera kwathu.
Duncan

Makhuwira, 27 Sepitembala 2024

Favour,

Moni. Makalata athu a pa 1 Sepitembala anapatukana panjira, yako ikutsika, yanga ikukwera. Yako ndaiwerenga kamodzi kokha, chifukwa mwano sufuna kubwereza. Za Usena usadzandilemberenso. Agogo ako aamuna anawoloka kuchokera ku Mutarara, ndipo Chisena chawo chinali chakuya kuposa cha Ngabu yense.

Kalata ya Duncan yafika. Magalasi a atsibweni ako anathyoka mwendo, ndiye woiwerenga ndinali ine. Ndinawawerengera nditatembenukira kumbali. Ili ndi zolakwa za kalembedwe zisanu ndi ziwiri, koma ya ulemu ilibe ndi imodzi yomwe. Atsibweni ako anaseka pa mawu oti chimene chinaimirira ndi choimikira, kenako anakumbukira kuti akwiya.

Tsopano mpata uja ndinasiya m'kope ndaudzaza. M'makalata atatu, mawu oti tsiku lisasunthe alembedwa kanayi. Bwemba iwe sunkadya, uli mwana unkalavula, lero ukuitanitsa kuchokera ku Cape Town. M'masekondi 40 aja ndinakuonanso iwe: mphuno yatambasuka, khosi lada, ndipo foni unaigwira kuti tisaone kumunsi kwa mapewa. Ndabereka ana asanu, ndipo kusukulu ndaona atsikana ambiri akumanga juzi m'chiuno mwezi wa Okutobala. Ndawerenga. Ndi kumapeto kwa Disembala kapena Januwale. Undiuze ngati ndaphonya, koma sindinaphonye.

Ukanangolemba mzere umodzi woona m'malo mwa 17 ya foni, sitikanataya mwezi. Mwana sangabadwire m'dziko la eni, makolo ake opanda ankhoswe. Tsiku lobereka zikavuta, ndani adzaimbira ndani? Ndani adzayankhe mlandu? Atsibweni ako sindinawauze kanthu. Iwo amadziwa kuwerenga ng'ombe zokha. Ndangowauza kuti tsiku silisuntha chifukwa chimera cha thobwa ndaviika kale, ndipo Lachiwiri anakwera minibasi pa Thabwa kupita ku Ngabu kukafotokoza za lichero. A Kaitano atamva zolakwa zisanu zija anati iwo akanavundikira ndi dengu. Abwera.

Samu ija ndaipeza ndekha, poti inu a m'tauni inakukanikani. Lachinayi a Melissa, alangizi a zaumoyo, anabwera ndi sikelo ya ana pansi pa nimu wathu. Ndinaona atapachika foni yawo pa nthambi pafupi ndi sikelo, iwo ali pansi ndi chifoni china chachikulu akutumiza malipoti. Ndinafunsa. Akuti ndi hotisipoti: foni ya m'mwamba imatunga netiweki n'kumathirira ya pansi, popanda chingwe. Kabuku kako ka masamba 28 kanabisa zimenezi pa tsamba 23, m'mizere iwiri.

Ndatenga nsungwi yathu yogwetsera masau. Foni ya a Melissa ndimaiika mu sokosi ya malemu bambo ako, n'kumangirira kunsonga, nsungwiyo n'kuimika ndi luzi pa thunthu la nimu. Kumeneko timizere ndi titatu, nthawi zina tonse tinayi. Foni yako imakhala pamphasa, yotsamira mtsuko wa madzi ozizira, ndipo chiikireni pamenepo sinakomokenso. Kuchokera pa nsungwi, netiweki imafika mapazi khumi ndi limodzi. Pa phazi la khumi ndi chiwiri imaduka. Ndayesa kasanu ndi kanayi. Yatheka kasanu ndi katatu. Ulendo winawo mbuzi ndiyo inasokoneza.

Tsono nawa malangizo anga, poti ako ndinawatsata. Umuuze munthuyo kuti chipewa chikhale kutali, m'kamwa mukhale mopanda kanthu, iye akhale pansi, maso akhale pansi. Alankhule akafunsidwa ndi a Kaitano basi. Iwe uvale chitenje, ndipo usachite kudzibisa, atsibweni ako saona patali.

Choimikira chako sichinapite pachabe. Ndimaikapo lichero la therere kuti liume mbuzi osafikira.

Kalata iyi ndaijambula ndi foni n'kuitumiza kudzera pa nsungwi. Undiuze yatenga mphindi zingati.

Mayi ako,
Esinala

Cape Town, 13 Okutobala 2024

Amayi,

Moni. Kalata yanu ija inatenga mphindi imodzi, ndipo ine ndinalira masiku awiri. Simunaphonye. Ndi Januwale. Ndinkaopa cholembera chofiira chija.

Zikomo chifukwa cha dzulo. Koma amayi, layivi ngati imeneyi dziko silinaionepo. Foni inali pansi, ndiye anthu 63 amene ankaonera anaona mapazi okhaokha. Zidendene za atsibweni, nsapato za a Kaitano, mapazi a amayi ovina, fumbi. Tambala ndi msoti posinthana ndiwo okha anaoneka nkhope, ndipo tambala anajompha galasi. Anita analemba kuti sanadziwe kuti ku Makhuwira zidendene zimang'ambika chonchi. Wa ku Joni wina anafunsa ngati wojambula wagwa.

Duncan anagwada pa simenti nthawi yonseyo. Ndinamupatsa pilo, anakana. Pamene atsibweni anati, "Mwana uyu tamulandira, ndi wathu," ine ndinangomva misozi yake ikugwera pa mkono wanga. Lero akuyenda ngati nkhalamba, kuntchito wapita atagwira khoma.

Koma inu munali kuti? Mapazi anu ndimawadziwa, amayi. Ndawafunafuna kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndabwereza kawiri, palibe. Mawu anu sindinawamve, ngakhale nthungululu. Ngati munakana kukhala pa chinkhoswe changa, ndiuzeni. Ndibwino ndidziwe.

Mwana wanu,
Favour

Makhuwira, 14 Okutobala 2024

Mwana wanga Favour,

Moni. Anthu anabwera 58, osawerengera makanda. Mbuzi zinaphedwa ziwiri, imodzi ndi ija inasokoneza ulendo wachisanu ndi chinayi. Mwambo unatenga mphindi 52. Netiweki inaduka kawiri, masekondi 20 ndi masekondi 35. Batire inatsala maperesenti 41. Anita umuuze kuti zidendene zimene akuzinenazo ndizo zinalima mapira a thobwa limene abambo ake aang'ono anamwa makapu asanu.

Ukufunsa kumene ndinali. Kutangotsala pang'ono kuti tiyambe, kunadutsa kamvuluvulu kuchokera ku dambo. Luzi linaduka, nsungwi inayamba kupendama, sokosi ya bambo ako ikulendewera pamwamba pa mutu wa a Kaitano. Luzi lina linalipo, koma ndinali nditayeza kale kuti kumanganso kumatenga mphindi zisanu ndi chimodzi, ndipo atsibweni ako anali atatsokomola kale kuti ayambe. Ukuwadziwa. Akatsokomola n'kupeza mkamwini kulibe, satsokomolanso kachiwiri.

Ndinaima kuseri kwa nimu n'kugwira nsungwiyo ndi manja awiri. A Melissa anati andilandire, ndinakana, chifukwa ndi ine ndekha ndikudziwa kuti ikapendekera ku mjigo timizere timatsala tiwiri, ikapendekera ku phiri timakhala tinayi. Nyerere zinandiluma malo khumi ndi anayi. Nthungululu ndikanaimba ndi pakamwa pati, mano ndili nditaluma chifukwa cha bondo? Mapazi anga sunawaone chifukwa anali kuseri kwa mtsuko, mapazi asanu ndi atatu kuchokera pa foni.

Ndipo zinakhala bwino choncho. Mpongozi anali kuseri kwa mtengo, mkamwini anali pamphasa, palibe anaona mnzake. Mayi anga akanakhutira.

Zojambulidwazo ndaonera dzulo madzulo, nditaphimba ndi chala chachikulu pamene pali nkhope ya mkamwini. Ndaona mawondo okha. Sanasunthe mphindi zonse 52. Pilo uja ndamuona, anamukankhira kumbali kawiri. Pa zolakwa zisanu zija ndafafaniza zinayi. Ya buledi ndaisiya, munthu azikhala ndi chomukumbutsa.

A Paul anyamuka Lachisanu. M'katoni muli bwemba, malambe, mthiko, chipande ndi lichero la chinkhoswe. Ndi lomwe lija. Mkamwiniyo aziliona tsiku ndi tsiku. Mulinso botolo la mafuta opaka bondo. Ndinagula awiri, limodzi ndi langa. Usanene kuti lachokera kwa ine, ungoliika pamene angalipeze.

Nsungwi ndaisunga kudenga, sokosi ndachapa. Kuchokera lero mpaka pa 1 Januwale ndi masiku 79. Mwanayo akadzabadwa, udzandiimbire layivi, dzuwa lili kumbuyo kwa foni, galasi lopukuta. Ameneyo yekha ndidzamuyang'ana m'maso mpaka batire ithe.

Bambo ake adzagwire foni, aime kumbuyo kwake.

Mayi ako,
Esinala